Mukadza Kudzationa, Mudze ndi Malonje Oona

Ana anga ndi adzukulu anga amene mwabalalika m'maiko a eni, ena ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ena ku Harare ndi ku Lusaka, ndi ena kutsidya la nyanja zamchere ku London, ku Manchester ndi ku Dublin: popeza nyengo ya Khirisimasi, imene ambiri a inu mupuma pa ntchito ndi kulozetsa nkhope zanu kumudzi, ili pafupi, ndayesa chinthu choyenera kuti ine, amene maso anga aona obwera ambiri akulowa m'mudzi ndi kutulukamonso, ndikulembereni za momwe mwana wa pamudzi afikira kwawo. Njira mukuidziwa, sindikaika konse. Mudziwa kumene basi inyamukira pa Park Station, mudziwa kudikira kotopetsa kwa pa Beitbridge, mudziwa msewu wa ku Nyamapanda ndi mlatho wa pa Zambezi ku Tete, kufikira mutaona chipata cha Mwanza kapena cha Dedza ndi kumva wina akukupatsani moni m'chinenero chimene munayamwira. Ndipo inu odzera m'mwamba mudziwa bwalo la ndege la Kamuzu ndi la Chileka. Koma alipo ambiri amene anawoloka malire onsewo bwinobwino, ziphaso zawo zili zodindidwa, nakapunthwa pa khomo la amayi awo.

Ulendo umene muyendawu simunauyambe ndinu. Makolo anu, atapanikizidwa ndi msonkho wa Atsamunda ndi thangata wa m'minda ya azungu, anayenda pansi milungu yambiri, akugona m'thengo ndi kusonkha moto kuopa mikango, kunka ku migodi ya malasha ya ku Wankie, ku minda ya fodya ya ku Rhodesia, ndi ku migodi ya golide ya ku Joni. M'chaka cha 1935 boma la Nyasaland linaika bungwe lofufuza za anthu otuluka m'dziko, ndipo bungwelo linapeza kuti amuna ngati 120,000, ndiko kunena oposa mmodzi mwa amuna anayi alionse, anali kunja. M'zaka zotsatira mabungwe a Wenela ndi Mthandizi analemba ntchito anyamata miyandamiyanda, kufikira mwezi wa Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha amuna athu oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, katundu wa ana awo ali m'manja. Ndipo boma linaletsa kulembako. Patapita zaka zowerengeka bungwe la TEBA linayambanso kutenga anthu, kufikira 1988. Lero dzina la Wenela latsala pa depoti ya mabasi mu Blantyre, ndipo ana okwera pamenepo sadziwa misozi imene inagwera m'dzinalo.

Ndakumbutsa zimenezi chifukwa cha chinthu chimodzi. Wopita pa Wenela, ngakhale ntchito yake inali yowawa ndi yakupha, anali ndi chingwe chom'kokera kwawo, pakuti pangano lake likatha ankam'bweza, ndipo gawo la malipiro ake ankadzalandirira kuno. Koma iwo amene anapita pa okha, amene tinkati apita pa selefu, analibe wowakumbutsa, ndipo mwa iwowa ndimo munachuluka matchona, amene mafupa awo agona m'manda a m'mafamu ndi m'makomboni a ku Zimbabwe ndi ku South Africa, pamene amayi awo anamwalira akuyang'anabe kunjira. Inu nonse a lero muli a selefu. Palibe kalata ya bwana imene idzakubwezani. Chokubwezani ndicho mtima wanu wokha.

Ndipo musayese kuti matchona onse anali anthu ouma mtima. Ambiri a iwo anawatsekera njira ndi manyazi. Chaka choyamba munthu anati, sindingapite wopanda njinga. Chaka chachiwiri anati, sindingapite wopanda bulangete la amayi ndi suti ya atsibweni. Ndipo pamene zaka zinachuluka, mangawa a m'mtima mwake anakula kufikira panalibenso katundu wokwanira kupepesera kuchedwa kwake, kotero kuti anasankha kukhala chete kufikira imfa. Chifukwa chake mawu anga oyamba apite kwa inu amene zinthu sizinakuyendereni, amene mugona anayi m'kachipinda kamodzi ndi kudzuka m'bandakucha kukaima pa mphambano kudikira ganyu: bwerani, ngakhale m'manja muli sopo mmodzi ndi paketi ya shuga. Naomi uja wa m'Buku Lopatulika anabwerera kwawo atataya mwamuna ndi ana ake aamuna onse awiri, wopanda kanthu, koma mudzi unam'zindikira ndi kum'landira, ndipo mkate wake anaupeza komweko. Chibale ndi fupa, sichiola. Mayi wako, mwana wanga, sanabale sutikesi. Chimene afuna ndicho kukugwira pamkono, kuona ngati wawonda, ndi kumva mawu ako popanda foni pakati.

Tsono kwa inu nonse, olemera ndi osauka, ndinene za kafikidwe. Mukatsika pa galimoto, musalowe m'mudzi monga alowera wogula fodya, maso ali pa wotchi. Imani pabwalo, nenani odi, ndipo akakuyalirani mphasa khalani pansi, ngakhale thalauza lanu lili la mtengo wapatali. Mudzaona amayi anu akutuluka m'khitchini, maso ofiira ndi utsi, akupukuta manja pa chitenje. Adzagwada chapatali pang'ono, nadzaomba m'manja mwakachetechete, nadzakufunsani za ulendo monga ngati ndinu mlendo wolemekezeka, chinkana anakuberekani kumsana. Ana adzaunjikana kuseri kwa nkhokwe akusuzumira. Pamenepo m'bale wina adzakufunsani malonje, ndipo inu mudzafotokoza kuyambira tsiku limene munanyamuka, za kumene mukhala, za ntchito, za thanzi lanu ndi la a m'nyumba mwanu. Mukatha, iwonso adzakupatsani awo, za mvula, za dzinthu, za odwala, za obadwa ndi za otisiya. Musafulumize mwambo umenewu, ndipo foni ikhale m'thumba. Ndaona ndi maso anga nkhalamba ikufotokoza za matenda amene anatenga mwamuna wake, mawu akunjenjemera, pamene mdzukulu wake, amene anam'dikira zaka zambiri, chala chili pa galasi la foni, akungoti eya, eya, osakweza nkhope; ndipo nkhalambayo inadukiza nkhani yake pakati, nikoka mpango wake, niti, "Mwatopa ndi ulendo, kapumuleni." Sinayambirenso nkhaniyo, ndipo pamene mdzukuluyo anadzabweranso anapeza mtumbira.

Mverani malonje a otsala, pakuti iwonso ayenda ulendo wawo ali pompano. Inu munaona pa Facebook zithunzi za namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pamene matope anatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe, ndi midzi ya ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu inakokoloka. Koma abale anu anafukula mitembo ndi makasu. Munamva za kolera amene anasautsa dziko chaka chomwecho. Iwo ananyamula odwala pa njinga usiku. Munawerenga kuti ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kapena ena a inu munakondwa poona kuti randi ndi paundi zanu zachuluka posintha. Koma kwa mlongo wanu tanthauzo lake linali lakuti thumba la feteleza lathawira kumene dzanja lake silifika. Munthu amene amva zonsezi modekha sadzafunsanso mwaukali chifukwa chake denga likudontha chikhalirecho ngakhale anatumiza ndalama ya malata.

Dzuwa la tsiku lachiwiri lisalowe musanapepese maliro. Ichi ndicho chachikulu mwa zonse za mwambo wa wobwera, ndipo ndicho chimene achinyamata a masiku ano achitaya koposa. Funsani atsibweni anu kapena mwini mbumba kuti akuwerengereni makomo onse amene munagwa zovuta inu kulibe, ndipo muyende khomo ndi khomo, osati a pabanja panu okha, komanso a anansi amene anakumba manda a abambo anu ndi kuphika pa siwa pamene inu munalephera kubwera. Simufunika mawu ambiri. Mukhala pansi, munena kuti tinamva zimene zinagwa pano, pepani, ndipo musiya kangachepe m'mbale; wofedwayo adzakufotokozerani momwe matenda anayambira ndi momwe anathera, ndipo inu mudzamvetsera kufikira atatsiriza. Pambuyo pake mupemphe akulu akuperekezeni kumanda, pakuti kumeneko munthu sapita yekha ngati wakuba, ndipo mukaone pamene anagona iwo amene simunawaike. Ndalama imene munatumiza pa Mukuru inagula bokosi ndi ufa, ndipo tiyamika. Koma ndalama silira maliro. Mukatero mukaonekere kwa a mfumu, chipewa chili m'manja, kuti adziwe kuti mwana wawo wafika. Pakuti tsiku lina, mukadzafuna malo omangapo, kapena mtembo wanu ukadzabwera m'ngolo ya galimoto kuchokera ku Joni, adzalamula za manda anu ndi iwowo.

Za chinenero ndinene mwachidule. Dr Hastings Kamuzu Banda, potsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, anali atakhala kunja zaka ngati 40, ndipo polankhula kwa anthu anafuna womasulira. Anthu anamvetsa, chifukwa zakazo zinali zambiri. Koma iwe amene wachoka dzana, usavutitse agogo ako ndi Chingerezi kapena Chizulu, ngati kuti lilime la kwanu lakulemera. Ndipo ana anu obadwira kunja muwatenge, muwaphunzitse ngakhale moni ndi zikomo, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kudziwa kuti uyu ndi azakhali, uyu ndi ambuye. Chifukwa ana a matchona a ku Zimbabwe alipo lero amene afika ku Dedza kapena ku Mangochi atagwira dzina la mudzi lolembedwa pa kapepala, nasowa ndi mmodzi yemwe wowazindikira.

Adzakupherani nkhuku, ndipo mwina ndiyo yokhayo yotsala pakhomo. Idyani. Idyani nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi chigwada, imwani thobwa m'chikho chimene akupatsani, ndipo musakwinye nkhope. Sindikuti mutaye nzeru za ukhondo: inu amene mwakhala zaka zambiri kumaiko ozizira matupi anu aiwala malungo, choncho gonani m'neti, tetezani ana anu ndi mankhwala, ndipo madzi akumwa awiritsidwe. Koma zimenezi zichitike mwakachetechete ndi mwaulemu, wophikayo asamve ngati kuti manja ake ndi odetsedwa.

Pa za mphatso, lamulo ndi lakale: katundu samasulidwa pabwalo ana akuona, koma m'nyumba, madzulo, pamaso pa mayi kapena mwini mbumba, amene adziwa bwino amene asowa chofunda ndi amene angadandaule akaiwalidwa. Ndipo mwa onse olandira, woyamba akhale uja anatsala kusamala makolo. M'banja lililonse alipo mmodzi, kawirikawiri mwana wamkazi, amene sanapite kulikonse. Ndiye atunga madzi a nkhalamba, ndiye achapa zofunda zikaipitsidwa usiku, ndiye agona pansi pa simenti m'chipatala cha boma monga wodikirira wodwala, pamene inu mutumiza mauthenga pa WhatsApp ofunsa ngati amwa mankhwala. Inu mukafika mudzi wonse ukuimbirani nthungululu, iye ali kumoto akukuphikirani. Indetu ndinena kwa inu, pamaso pa Mulungu ntchito yake iposa yanu. Mum'yamike ndi pakamwa panu anthu akumva, mum'funse chimene iye mwini akhumba, ndipo ngati pali mawerengedwe a ndalama zimene munatumiza ndipo sizikuoneka bwino, mukambirane awiri kuseri, mofatsa, mutayamba mwamva mbali yake. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, anatero akale, ndipo nzoona kuti mwaona zambiri zimene zingathandize mudzi. Koma amene afika Lachiwiri nayamba kuweruza milandu ya malire a munda Lachitatu, nachoka Loweruka, asiya moto umene adzazima ndi ena.

Tsopano ndifike pa chimene chandilemetsa mtima koposa, ndicho choona cha malonje anu. Taonani chimene chichitika chaka ndi chaka. Mnyamata amene ku Cape Town asamala maluwa pa nyumba ya mzungu, kapena atsuka mbale m'nyumba yodyera kufikira pakati pa usiku, nadzimana chakudya miyezi khumi ndi umodzi, afika ku Lilongwe nabwereka galimoto ya masiku asanu, navala unyolo wonyezimira m'khosi, naima pa sitolo za pamsika akugulira mowa aliyense wodutsa, wailesi ikugunda kufikira mbandakucha. Za ntchito imene agwira sanenapo kanthu. Angoti, kunja kuli ndalama. Ndipo ana a sukulu amene amuzungulira aona nsapato zake, naona mphunzitsi wawo akupalasa njinga yakutha matayala, nawerengera m'mitima mwawo. Mwezi wa Januwale usanathe, wina wasiya Fomu 3, wina wagulitsa mbuzi za amayi ake, wina wapinyolitsa dimba, napereka ndalama kwa owolotsa anthu, nanyamuka wopanda chiphaso chokwanira. Ndipo za mtsinje wa Limpopo ndi achifwamba a m'tchire la pamalire, za kuthawa apolisi tsiku ndi tsiku, za malo osungirako ogwidwa a Lindela ku Krugersdorp kumene adikira kubwezedwa, palibe anawauza. Sanauzidwe za chaka cha 2008, pamene alendo anaphedwa ndi kutenthedwa m'makomboni a ku Johannesburg, kapena za 2015, pamene zipolowe za ku Durban zinachititsa boma lathu kutumiza mabasi kukatenga anthu ake, nabwera ena atangovala zomwe anathawa nazo. Kodi mwazi wa mwana wotere, akakaonongeka m'njira, udzafunsidwa kwa yani, ngati si kwa iye amene anam'onetsa unyolo nam'bisira zipsera?

Sindikuletsani kukondwa, ndipo sindinena kuti kunja kulibe dalitso. Nyumba zambiri za malata m'Mangochi, m'Mzimba ndi m'Nkhata Bay zamangidwa ndi thukuta la ku South Africa. Ana ambiri aphunzira ndi ndalama za anamwino athu a ku Britain. Ntchito ya m'munda wa maluwa, ya ulonda, ya kusambitsa nkhalamba za eni dziko usiku wonse, ili ntchito yolemekezeka, ndipo wodya thukuta lake alibe chochitira manyazi. Manyazi ali pa kubisa. Chifukwa chake mng'ono wako akadza kwa iwe madzulo, nakhala pambali pako pa khonde, nanong'ona kuti, "Achimwene, munditenge," um'uze zonse: mtengo wa lendi ya kachipinda ka malata, kuzizira kwa mwezi wa Juni, miyezi imene unakhala wopanda ntchito, bwana amene anakana kukulipira podziwa kuti ulibe kokadandaula, ndi usiku umene unalira pomva kuti atate amwalira ndipo sungathe kupita. Um'uzenso zokoma, ndi njira yolongosoka yopezera pasipoti ndi chilolezo. Akasankha kupita atamva zonsezo, apita ngati munthu wamkulu, maso ali otseguka, ndipo iwe ulibe mlandu.

Palinso malonje ena amene muli nawo mangawa. Mukafika, adzabwera amayi ena a kutsidya kwa dambo, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nadzakhala pansi kumapeto kwa mphasa kudikira kuti anthu achepe, ndipo adzafunsa ndi mawu otsika, "Kodi kumeneko mwana wanga uja mumamuonako?" Iwo sadziwa kuti Johannesburg ndi mzinda wa anthu mamiliyoni. Musawaseke, ndipo musawanamize. Ngati mudziwa kumene ali, nenani. Ngati adwala kapena ali m'ndende, pezani mkulu wa banjalo mum'uze mwaulemu. Ngati simudziwa, lembani dzina lake, ndipo pobwerera mukafunse m'mipingo ndi m'magulu a Amalawi othandizana pa maliro. Ndipo musananyamuke kubwera kuno, yendani kwa anzanu amene sangathe kudza chaka chino, mutenge mawu awo ndi timaphukusi tawo, mudzafikitse m'manja mwa eni ake osachotsapo kanthu, monga ankachitira makolo anu ndi makalata a ku migodi.

Kwa inu amene munasiya mkazi kapena mwamuna kumudzi ndinene mosabisa, pakuti ndine wamkulu ndipo manda a zaka za m'ma 1990 ndinawaona akudzaza. Musalowe m'nyumba ndi matenda obisika. Pitani nonse awiri kukayezetsa magazi, poti mankhwala alipo ndipo aperekedwa ulere m'zipatala za boma. Ndipo ngati kunjako mwakwatiranso, kapena kuli mwana, ankhoswe adziwe kuchokera pakamwa panu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ovumbwa kwambiri ndi ana, amene adzakumana koyamba pa maliro anu akukanganirana nyumba.

Anzanu a ubwana musawaiwale. Uja munkawedza naye ndi kusaka naye mbewa, amene lero ali ndi zigamba pa malaya, mupite kwawo ndi mapazi anu, mum'tchule dzina lake lakale, mukhale pa chikumba chake. Musam'tumire mwana kuti adzakuoneni pa galimoto. Akakupemphani kanthu ndipo mulibe, nenani kuti mulibe. Kulonjeza foni ndi njinga kwa anthu khumi pofuna kuchoka ndi ulemu, ndiko kugula chidani cha chaka chamawa.

Mlendo ndi mame, ndipo masiku anu adzatha msanga. Musawathere onse ku nyanja ndi m'mahotela a m'tauni, ndi kupatsa amayi anu usiku umodzi wotsiriza. Potsazika muyendenso makomo a akulu, mulandire kamba amene adzakumangirani, kaya ndi mtedza, kaya ndi ufa, usipa wouma kapena mpunga wa Kilombero, ngakhale zikwama zalemera kale, chifukwa wosauka akapatsa afuna kuti nayenso ayesedwe munthu. Mulole akuperekezeni kufikira pa msewu, mugwade apemphere nanu, ndipo akafunsa tsiku lobweranso, munene chimene mudzachitadi.

Ife amene tinakuonani mukubadwa tatsala owerengeka, ndipo mvula iliyonse ichotsapo ena. Musadikire kuti nyumba ithe kumangidwa, kapena kuti galimoto igulidwe, kapena kuti mudzabwere ndi nkhata ya maluwa. Ngati mapepala anu alola ndipo ya basi yapezeka, lembani kwa amayi anu sabata ino, muwauze tsiku, ndipo mubwere tikadali ndi maso okuonani.